Njoka ya pa Chiliza cha Agogo

1. Moto uulula manda

M'mwezi wa Okutobala chaka cha 1996, dzuwa linaswa mtengo ku Chilomoni. Anyamata osaka mbewa anayatsa moto m'tchire, ndipo mphepo yochokera kuphiri la Michiru inaukankha mpaka unalowa m'manda akale a kuseri kwa tchalitchi. Udzu wonse unapsa. Ziliza zimene anthu anali ataziiwala zinatsala poyera, zitada bii ndi mwaye.

Mpanda wa mandawo unali wogumuka mbali imodzi, choncho ana ena a sukulu anayamba kudutsa momwemo pofupikitsa njira. Mmodzi mwa iwo anali Kondie, mnyamata wa Fomu 2 amene sankatha kusunga nkhani m'kamwa.

Lolemba m'mawa Kondie analowa m'kalasi akupuma wefuwefu.

"Magaye, ndaona malodza!" anakuwa. "Kumanda kuja kuli chiliza chojambulidwa njoka. Njoka yeniyeni, yadzikulunga pandodo, lilime lili panja. Ndipo mukudziwa dzina limene lalembedwapo? Ambrosi Zuwawo!"

Kalasi yonse inatembenuka n'kuyang'ana Anjelina Zuwawo, mtsikana wofatsa amene ankakhala pafupi ndi zenera. Banja lawo linali lochokera ku Nsanje, ndipo linasamukira ku Chilomoni bambo ake atapeza ntchito yoyendetsa lole yopita ku Beira.

"Ambrosi si agogo ako aja unawatchula tikulemba za makolo athu?" anafunsa Kondie.

"Ndi dzina la agogo anga, inde," anayankha Anjelina motsitsa mawu. "Koma sindikudziwa kumene anaikidwa."

"Ndiye ndakupezera! Munthu wabwinobwino amamuikira mtanda. Wa njoka ndi mfiti basi."

Ena anaseka, ena anangoti kukamwa yasa. Aphunzitsi atalowa phokoso linatha, koma pa nthawi yopuma nkhani ija inali itafika kale ku Fomu 4.

2. Mawu amodzi oipa

Lachitatu atsikana ankasewera mpira wamanja. Anjelina anagundana ndi Esther, mnzake wa m'kalasi, onse n'kugwa pansi. Anjelina anatambasula dzanja kuti amudzutse.

"Usandigwire!" anatero Esther akudzikhwekhwereza chambuyo. "Ungandiikire njoka ya agogo ako."

Mtima wa Anjelina unawira. Anali atapirira masiku awiri osayankha aliyense.

"Esther, uona!" anatero, n'kuchoka pabwalopo.

M'mawa mwake ophunzira ali pamzere, Esther anayamba kunjenjemera, kenako anagwa n'kukomoka. Aphunzitsi anathamangira naye kuchipatala. Palibe amene anayankhula ndi Anjelina tsiku limenelo. Amene ankakhala naye desiki imodzi ananyamula mabuku ake n'kukapanikizana ndi ena kumbuyo.

Madzulo amayi ake a Esther anafika kunyumba kwa Anjelina chitenje chili m'chiuno. Sanaodire n'komwe.

"Mwana wanu anauza mwana wanga kuti aona, ndipo waonadi!" anakalipa. "Akangofa Esther, inu mudzasamuka muno muli maliseche. Za kumtundu kwanu tazimva!"

Anthu oyandikana nawo anadzaza pampanda. Alendowo atachoka, eni nyumba imene ankachita lendi anaitanira amayi a Anjelina pambali n'kuwauza kuti iwo safuna phokoso pamalo pawo, ndipo zikapitirira ayambe kufuna nyumba ina.

Amayi analowa m'nyumba n'kukhala pampando.

"Anjelina, mawu aja unanenadi?"

"Ndinanena, amayi. Koma sindinamuchite kanthu."

"Ndikudziwa kuti sunamuchite kanthu. Koma tamvera. Mawu oti uona si oseweretsa. Munthu ukamuuza choncho, ngakhale apunthwe pamwala adzati ndiwe. Ine ndakulira kumudzi, ndaona anthu akugwetseredwa nyumba chifukwa cha mawu amenewa. Ukakwiya uzitseka pakamwa, uzibwera kudzalirira kuno."

"Nanga agogo aja analidi mfiti?"

Amayi anapukusa mutu.

"Sindikudziwa, mwana wanga. Bambo ako anali khanda pamene agogo akowo ankamwalira. Mayi awo anabwerera nawo ku Nsanje, nawonso sanakhalitse. Bambo ako analeredwa ndi amalume awo, ndipo chimene anauzidwa n'chakuti bambo awo anafera ku Blantyre, basi. Tidikire abwere ku Beira. Koma iwe kumandako usapiteko."

3. Nzeru ya Betty

Mnzake mmodzi yekha ndi amene sanamutaye Anjelina. Dzina lake anali Betty, mwana wa mmisiri womanga nyumba, mtsikana wolimba mtima amene ankayamba kuchita chinthu asanachiganizire.

Lachisanu akuweruka, Betty anamukokera kuseri kwa kalasi.

"Aise, kulira sikuthandiza," anatero. "Vuto ndi njokayo. Ikachoka, Kondie aloza chiyani? Adadi ali ndi hamala ndi tchizulo. Mawa masana anthu akakhala ali kumpira, tipite tikaigobe. Aliyense wopita kukaona akapeza palibe kanthu, ndiye wabodza akhala Kondie."

"Amayi andiletsa kupita kumanda."

"Ndiye udikire akuthamangitseni m'nyumba? Bambo ako abwera liti? Iwe ukudziwa?"

Loweruka masana, amayi ake a Anjelina atapita kumsika wa Nthukwa kukagulitsa zitumbuwa, iye anatseka chitseko n'kukakumana ndi Betty panjira. Zida zija zinali m'thumba la saka.

Analowera pogumuka paja. Phulusa linkawalowa m'mapatapata. M'mandamo munali zii, kupatula akhwangwala amene ankatola ziwala zakupsa. Sanavutike kuchipeza chilizacho, chifukwa mapazi a ana a sukulu anali atapanga kanjira kolunjika pomwepo.

Chinali chiliza cha simenti chofika m'chiuno. Pamwamba panali ndodo yoongoka ndi njoka itaizungulira. M'munsi munalembedwa kuti AMBROSI ZUWAWO, 1950. Mawu ena anali atakwiririka ndi mwaye.

"Fulumira," ananong'ona Betty.

Anjelina anaika tchizulo pamchira wa njoka. Anatseka maso n'kumenya kamodzi. Phokoso lake linamveka manda onse, ndipo kachidutswa ka simenti kanagwera m'phulusa.

"Ndani ameneyo?"

Mawuwo anachokera kuseri kwa mtengo wa mkuyu. Kunatulukira bambo wachikulire, wamtali, atavala ovolosi yakale ndi chipewa, khasu lili m'manja.

"Thawa!" anakuwa Betty. Analumpha ziliza ziwiri n'kukafika pampanda. Ali pamenepo anatembenuka. "Anjelina, tiye! Sangatipeze, ndi okalamba!"

Betty ankanena zoona. Bamboyo ankayenda motsimphina, ndipo anali adakali patali. Anjelina anayang'ana pampanda, kenako anayang'ana bala limene anapanga pachiliza cha agogo ake. Anaika hamala pansi, n'kugwada pomwepo kudikira.

Betty anapukusa mutu n'kuzimiririka.

4. Chenjezo la a Venansio

Bamboyo anafika n'kuima patsogolo pake. Anayang'ana hamala, anayang'ana chiliza, kenako anawerama n'kutola kachidutswa kaja.

"Ndimayesa ndi akuba," anatero. "Chaka chatha anazula mitanda yachitsulo kukapangira mbaula. Koma mtsikana wa sukulu? Wakutuma ndani?"

"Palibe, agogo. Ndalakwa ndine."

"Mnzako wathawa. Iwe bwanji sunathawe?"

"Manda ndi a agogo anga. Ndikanathawa ndikanangokhala ngati wakuba."

Bamboyo anatsamira khasu lake.

"Wati agogo ako? Dzina lako ndani?"

"Anjelina Zuwawo."

Bamboyo anavula chipewa n'kukhala pachitsa.

"Ine ndine Venansio, wapampando wa komiti yosamala manda ano. Ndabwera kudzalambula chifukwa Loweruka likubwerali ndi tsiku lopempherera onse amene anatisiya. Tafotokoza bwinobwino, usasiyeko kanthu."

Anjelina anafotokoza zonse, za Kondie, za Esther, za mawu ake aja ndi za eni nyumba. Pomaliza misozi inali ikutsika.

"Pukuta misozi, undimvere," anatero a Venansio. "Ndiyamba ndi kukudzudzula, zabwino zibwera pambuyo. Choyamba, kumanda salowa ngati m'munda mwa bambo ako. Umapempha kwa akuluakulu, ndipo umalowera pachipata. Chachiwiri, chiliza si cha iwe wekha. Anachimanga ndi anthu amene ankalira, ndipo anaikapo chimene ankafuna kuti ife obwera m'mbuyo tidziwe. Womwalira sangadzukenso kuti adzifotokoze. Chimene chamutsalira ndi mwala umenewu. Ukaugoba, wamutseka pakamwa kachiwiri.

"Ndipo taganiza. Ukanaichotsa njokayi, anthu akanati chiyani? Akanati a Zuwawo apita kukabisa ufiti wawo. Bodza likanasanduka zoona chifukwa cha hamala yakoyi. Chinthu ukapanda kuchimvetsa, mwana iwe, usathamangire kuchiphwanya. Yamba wafunsa. Chibwerere matipate aliyense akuti ali ndi ufulu woyankhula, ndipo n'zabwino, ifenso tinatopa n'kunong'ona. Koma ena akuyesa kuti ufulu woyankhula ndi ufulu wonamizira anzawo. Iwe usawayankhe ndi hamala kapena ndi matemberero. Uziwayankha ndi zimene ukudziwa."

"Koma ine sindikudziwa kanthu, agogo."

"N'chifukwa chake ndikuti dzuka. Njokayi tiisiye kaye. Ndikufuna uphunzire kuwerenga manda."

5. Miyala iyankhula

A Venansio anatsogola, Anjelina akutsatira m'mbuyo. Anaima pa kachiliza kakang'ono kamene pamwamba pake panali kanyama kogona.

"Ichi n'chiyani?"

"Ngati kamwana ka nkhosa."

"Ndi komweko. Ukaona kamwana ka nkhosa, dziwa kuti pagona mwana wamng'ono, wosalakwira munthu. Nanga icho?"

Analoza chipilala chimene chinkaoneka chothyoka pakati.

"Chinathyoledwa ndi akuba?"

A Venansio anaseka.

"Ambiri amatero. Ayi, anachiumba chothyoka dala. Akutiuza kuti munthuyu anafa ali mnyamata, moyo wake unadukira panjira. Anali mphunzitsi ameneyu, sanakwatire n'komwe."

Anapitirira. Pa chiliza china panali manja awiri ogwirana, ndipo a Venansio anati ndi mwamuna ndi mkazi wake akutsanzikana. Pa china panali lipenga.

"Uyu anali woimba?" anafunsa Anjelina.

"Msilikali. Lipengali ndi chizindikiro cha asilikali a Keyala. Werenga m'munsimo."

Anjelina anapukuta mwaye ndi chikhatho.

"Alemba kuti anamenya nkhondo ku Burma."

"Mumaphunzira za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, si choncho? Mumayesa inali ya azungu okhaokha. Uyu anachoka kuno, anakwera sitima ya pamadzi, anakamenya nkhondo m'nkhalango za kutali. Atabwerako ankasoka zovala pakhonde la sitolo. Ndinkamuona ndi maso angawa. Ndege ikamadutsa ankabisala pansi pa makina ake."

Mzere wotsatira unali wa ziliza zosalembedwa bwino, zilembo zake zopendekera. Anjelina anaona kuti zambiri zinali ndi mawu akuti anabadwira ku Milanje kapena ku Gurue.

"Kumeneku n'kuti?"

"Ku Mozambique. Awa ndi Alomwe amene anathawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Anabwera wapansi, ana ali kumsana. Ena anayamba athyola tiyi ku Mulanje ndi ku Thyolo, kenako anafika m'tauni muno kudzaumba njerwa ndi kulondera. Bambo anga agona apo, pamene pali mtanda wa njerwa. Anzako ambiri a m'kalasi ndi zidzukulu za anthu amenewa, koma ukawafunsa sadziwa. Tauni ino inamangidwa ndi alendo, mwana iwe. Alomwe, Ayao, Asena ngati inu, aliyense anabwera ndi kamtolo kake."

Kenako anafika pamalo aakulu opanda chiliza n'chimodzi chomwe. Panali timilu ta dothi tokhatokha, tina tozunguliridwa ndi miyala, tothithikana kwambiri. A Venansio anachita chizindikiro cha mtanda.

"Apa palibe cholembedwa, koma ndi pamene pali nkhani yaikulu. Awa ndi manda a njala ya 1949. Mvula inakana. Anthu ankachoka m'midzi kubwera m'tauni kudzafuna chakudya, ena n'kumagwa m'njira. Okumba manda nawonso anali ndi njala, sakanatha kukumba mozama. Za chiliza ndani akanaziganiza? Ukaona manda ambiri othithikana chonchi opanda mayina, dziwa kuti panagwa tsoka lalikulu. Tsopano tiye kwa agogo ako."

6. Munthu wa njoka

Atabwerera pachiliza chija, a Venansio anatenga botolo la madzi limene anabwera nalo n'kupatsa Anjelina pamodzi ndi kansanza.

"Tsuka m'munsimo."

Anjelina anagwada n'kuyamba kutsuka. Mwaye unayenderera, zilembo n'kuyamba kuoneka chimodzichimodzi. Anawerenga mokweza.

"Anachiza ambiri. Chamangidwa ndi anzake a kuchipatala."

Anawerenganso kachiwiri, n'kutembenuka.

"Kuchipatala?"

"Ine ndisanapume ntchito ndinkayendetsa ambulansi," anatero a Venansio. "Njoka yokulunga pandodoyi ndinkaiona tsiku ndi tsiku, pa mabuku a madokotala, pa mabaji a anamwino ena, ngakhale pa makatoni a mankhwala. Ndi chizindikiro cha anthu ochiritsa, ndipo amachigwiritsa ntchito m'mayiko ambiri. Kutchalitchi sunamvepo za njoka yamkuwa imene inakwezedwa pamtengo m'chipululu, kuti wolumidwa akaiyang'ana achire?"

"Ndinamvapo."

"Ndiye ganizo lake ndi lofanana. Agogo ako sanali mfiti. Azungu ankawatcha wothandizira dokotala, koma ife tinkangoti adokotala a Zuwawo."

Anjelina anakhala pansi m'phulusa momwemo. Anapuma mpweya wautali ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Kenako anayamba kuseka, misozi ikutsika nthawi yomweyo.

"Munkawadziwa, agogo?"

"Kuwadziwa? Taona apa." A Venansio anakwinya mwendo wa ovolosi n'kuonetsa chipsera chachikulu pamsongolo. "Nthawi ya njala ija ndinali mnyamata wamng'ono. Ndinali ndi chilonda chonunkha moti anzanga ankandithawa. Kumunsi uko, pafupi ndi mtsinje, kunamangidwa zisakasa za anthu odwala. Ambiri ankatsekula m'mimba mwa magazi. Agogo ako ankabwera panjinga m'mawa uliwonse ndi bokosi la mankhwala. Anali aafupi, akuda, a mawu aakulu, ndipo Chinyanja chawo chinkamveka Chisena. Akamatsuka chilonda changa ndinkalira, iwo n'kumati, lira ndithu, mwendo ukhala wako.

"Anthu ankati a Zuwawo sadya. Phala limene ankalandira ankagawira ana. Mvula itabwera, chimanga chili pafupi kucha, nthenda ija inawagwira iwonso. Thupi linali litafooka kale. Sanaone chimanga chatsopano. Pa maliro awo anthu anadzaza mpaka kumsewu uko, ena akuyenda ndi ndodo chifukwa cha kuwonda. Ine ndinali pomwepo, nditagwira dzanja la mayi anga."

Anjelina anasisita njoka ija ndi chala mpaka pamene panali bala.

"Ndawapweteka," anatero.

"Kachidutswa ndasunga, kali m'thumbamu. Simenti pang'ono pabwerera. Koma udzamata ndiwe, ine ndidzangokuonetsa. Ndipo ukawauze amayi ako zonse, usadikire kuti amve kwa ena."

"Ndikawauza. Koma agogo, kusukulu sakandikhulupirira. Akati ndapeka."

"Ndiye ukufuna titani?"

Anjelina anaganiza pang'ono.

"Ndikapempha aphunzitsi a mbiri yakale kuti abwere ndi kalasi yonse. Inu mudzawaonetse zimene mwandionetsazi. Kondie adzawerenge yekha mawuwa pamaso pa onse."

"Zimenezo ndiye nzeru. Ine ndikapempha chilolezo kwa abambo mfumu kutchalitchi. Koma mnyamatayo usakamuchititse manyazi. Nayenso ndi wosadziwa, ngati mmene unalili iwe pobwera. Mwina agogo ake agona momwe muno."

Mutu wa munthu unasuzumira pogumuka paja. Anali Betty. Sanapite kutali, anangobisala kuseri kwa mpanda.

"Iwe wothamanga, bwera udzatenge hamala ya bambo ako!" anaitana a Venansio. "Koma uzungulire, ulowere pachipata."

Betty anabwera akukoka miyendo, n'kugwada.

"Pepani, agogo. Nzeru inali yanga."

"Ndamva. Chilango chako n'chakuti Lachisanu ukaweruka ubwere ndi tsache. Mtima wofuna kuthandiza mnzako uli nawo, koma uziyamba wafunsa mutu usanatume manja."

Atsikanawo atanyamuka kuti azipita, a Venansio anamuitananso Anjelina.

"Pali chimene chikundidabwitsa. Wati kwanu simunkadziwa za manda ano?"

"Sitinkadziwa."

"Nanga mayi amene amabwera chaka chilichonse uja ndi ndani wanu? Amachokera ku Bangwe. Amafika pa tsiku la mapemphero a omwalira, amazula udzu pachiliza chino chokha, n'kuyatsa kandulo. Ndinamufunsapo. Anati dzina lake ndi Teresa, ndipo a Zuwawo ndi bambo ake omubereka."

"Sindinamvepo za iwo, agogo."

"Ukafunse kwanu. Ngati ali moyo, Loweruka abwera."

7. Kunyumba

Anjelina anapeza amayi ake atabwerako kumsika, akupeta mpunga pakhonde. Nkhope yawo inali yowala kusiyana ndi m'mawa.

"Unali kuti? Taona zovalazo, phulusa lokhalokha! Khala pansi ndikuuze. Amayi a Esther anandipeza kumsika. Kuchipatala anamuyeza magazi mwana uja, ndi malungo. Akuti anayamba kumva mutu sabata yatha, asanakangane n'komwe ndi iwe, koma ankabisa poopa jakisoni. Panopa wadzuka, akumwa phala. Mayiyo sanachite kunena kuti pepani, koma wagula zitumbuwa n'kunditchula kuti achemwali pamaso pa anthu. Eni nyumba nawonso amva."

Anjelina anagwada patsogolo pawo.

"Amayi, ine ndakulakwirani. Ndinapita kumanda."

Lichero linaima. Anjelina sanadikire kufunsidwa. Anafotokoza za hamala, za a Venansio, za kamwana ka nkhosa ndi lipenga, za manda a njala, mpaka mawu amene anawerenga pachiliza. Poyamba nkhope ya amayi inali yokwiya, koma nkhani ikupita inayamba kufewa.

"Adokotala," anatero amayi pang'onopang'ono. "Apongozi anga anali adokotala, ife n'kumagona ndi mantha sabata yonse! Bambo ako akamva adzalira." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Koma za kusamvera kwako tikambirana. Usayese kuti zathera pompa."

"Chabwino, amayi. Koma pali china. A Venansio akuti kuli mayi wina wa ku Bangwe amene amabwera kudzasesa pamanda a agogo chaka chilichonse. Akuti ndi mwana wawo. Dzina lake ndi Teresa."

Lichero linapendekeka, mpunga n'kukhuthukira pansi. Nkhuku zinathamangira pomwepo, koma amayi sanaziingitse.

"Wati ndani?"

"Teresa. Mukuwadziwa?"

"Bambo ako anali ndi mlongo wawo wamkulu dzina lake Teresa," anatero amayi. "Amalume awo anawauza kuti anamwalira pa njala ija ali kamtsikana. Chikwatiranireni, chaka chilichonse bambo ako amapereka dzina lake kutchalitchi kuti limveke pa Misa ya omwalira."

Anayang'anana. Kenako amayi anaimirira n'kukutumula chitenje chawo.

"Loweruka sindipita kumsika," anatero. "Ukandionetse chipata cha mandawo."